Konzani Kompyuta Yanu Kuti Ntchito ya Webusaiti Isapite Pamodzi ndi Laputopu

Chaka china chikwama changa chinasowa mu minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre. Munali laputopu, chaja, ndi code ya webusaiti ya kasitomala imene ndinali nditaigwirira milungu itatu. Laputopu ina ndinabwereka kwa mlamu wanga m'mawa mwake. Code ija ndinalibe kokaibwereka. Ndinailembanso yonse, usiku ndi usana, kwinaku ndikunamiza kasitomala kuti zatsala pang'ono.

Kuyambira pamenepo, ndikamakonza kompyuta yogwirira ntchito ndimakhala ndi funso limodzi: atandilanda makinawa lero n'kundipatsa ena opanda kanthu, zinganditengere nthawi yaitali bwanji kuti ndipitirize pamene ndinalekera? Yankho likaposa maola awiri ndiye kuti pali chimene sindinakonze bwino. Masitepe ali m'munsiwa onse akuchokera pa funso limeneli, ndiponso pa zimene timakumana nazo tsiku ndi tsiku: magetsi othima osatsanzika, bandulo yotha msanga, ndi makasitomala amene adzatsegule tsamba lanu pa foni yotsika mtengo netiweki ili ndi kadontho kamodzi.

1. Kompyuta yanu ifanane ndi seva

Maseva ambiri amene mudzaikepo ntchito yanu amayendera Linux. Ngati muli pa Windows simukuyenera kuichotsa. Tsegulani PowerShell ngati administrator, lembani `wsl --install`, muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso. Mukhala ndi Ubuntu, mtundu wina wa Linux, mkati mwa Windows momwemo. Chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa: mafoda a ntchito muziwasunga mbali ya Ubuntu, mwachitsanzo mu `~/ntchito`, osati mu `/mnt/c`. Mukawasiya mbali ya Windows, chilichonse chimene chimawerenga mafayilo ambiri chimayenda ngati kamba.

Ofuna kuika Ubuntu weniweni asankhe wa LTS, wosamaliridwa nthawi yaitali, monga 22.04 kapena 24.04. Ameneyu amatuluka mu April pakapita zaka 2 zilizonse ndipo amalandira zigamba za chitetezo kwa zaka 5. Laputopu yakale imene ikuvutika ndi Windows kawirikawiri imapepukidwa ikaikidwa Linux, komanso kumbukirani kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025.

2. Git isanafike code

Musalembe mzere ngakhale umodzi Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha mu code, isanakonzeke. Linus Torvalds anailemba mu 2005 pofuna kusamalira code ya Linux, imene anthu ambirimbiri amaigwirira ntchito ali m'mayiko osiyana. Kwa ife ubwino wake waukulu ndi wakuti imagwira ntchito popanda intaneti. Mutha kupanga ma commit, kutanthauza kusunga mu Git zimene mwasintha, tsiku lonse muli kumudzi, n'kudzawatumiza (push) mukapeza netiweki.

Yambani ndi kuiuza kuti ndinu ndani:

`git config --global user.name "Dzina Lanu"`
`git config --global user.email "imelo yanu"`
`git config --global init.defaultBranch main`

Kenako pangani kiyi ya SSH, imene kompyuta yanu imadzizindikiritsira nayo m'malo mwa pasiwedi. GitHub, malo a pa intaneti osungirako code ya mu Git, inasiya kulandira pasiwedi wamba potumiza code pa 13 August 2021, choncho malangizo akale amene amati mungolemba pasiwedi sakugwiranso. Lembani `ssh-keygen -t ed25519 -C "imelo yanu"`. Ikakufunsani passphrase musangodina Enter. Ikani mawu enieni, chifukwa laputopu ikabedwa, mawu amenewo ndi okhawo amene akutchinga wakubayo kuti asalowe ku maakaunti anu. Mupeza mafayilo awiri mu `~/.ssh`. Yokhala ndi `.pub` kumapeto ndi imene mumakopera n'kuika mu Settings pa GitHub. Inayo sichoka pa kompyuta yanu, simuitumiza pa WhatsApp, simuipatsa mnzanu ngakhale mumadyera mbale imodzi. Yesani ndi `ssh -T git@github.com`, ikakupatsani moni ndi dzina lanu, zatheka.

Kusunga code mwachinsinsi pa GitHub ndi kwaulere kuyambira 2019, ndiye chifukwa choti "kasitomala safuna anthu aone" chinatha ntchito. GitLab nayonso imalola chimodzimodzi.

Tsopano mvetserani, chifukwa apa ndi pamene ine ndinagwera. Git ndinali nayo pa laputopu ija, ma commit ndinkapanga, koma ndinali ndisanapange `git push` kwa milungu itatu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Commit imene ili pa laputopu pokha ndi fodya wapachala. Lamulo langa pano ndi lakuti sinditseka laputopu ndisanapange push, ngakhale ntchitoyo ikhale yosatha. Ngati mukuopa kuononga `main`, nthambi yaikulu ya code yanu, tsegulani nthambi (branch) ina n'kutumiza kumeneko. Code ndi malemba chabe, push imodzi siidya bandulo yoti n'kudandaula nayo.

Chomaliza pa Git. GitHub inayamba kukakamiza anthu otumiza code kugwiritsa ntchito chitsimikizo chachiwiri choonjezera pa pasiwedi mu 2023, ndipo ambiri amachiika pa foni. Koma foni ndi laputopu zimayenda m'chikwama chimodzi. Pokonza chitsimikizocho amakupatsani ma recovery code. Alembeni papepala, muwasunge kunyumba komwe mumasunga masatifiketi a kusukulu.

3. Zinsinsi zisalowe mu Git

Pangani fayilo ya `.gitignore`, yolembamo zimene Git isamasunge, commit yoyamba isanachitike, ndipo muikemo `node_modules`, `vendor` ndi `.env`. Mafoda awiri oyambawo ndi aakulu ndipo amatha kubwezeretsedwa ndi lamulo limodzi. Fayilo ya `.env` ndi imene imasunga mapasiwedi a database ndi makiyi a makampani olandirira ndalama. Pali maloboti amene ntchito yawo ndi kusesa GitHub usana ndi usiku kufunafuna makiyi oiwalidwa. Mukalakwitsa n'kutumiza kiyi, kuifufuta mu commit yotsatira sikuthandiza, chifukwa Git imakumbukira zonse. Pitani komwe munaitenga mukaiphe n'kupanga yatsopano.

M'malo mwake sungani `.env.example` yokhala ndi mayina okha opanda zinsinsi, kuti tsiku lina mudzadziwe zimene zikufunika. Zinsinsi zenizenizo zikhale mu pulogalamu yosungira mapasiwedi monga Bitwarden kapena KeePassXC.

4. Node, mapakeji ndi bandulo yanu

Musaike mwachindunji Node.js, pulogalamu yoyendetsera JavaScript kunja kwa browser. Ikani nvm, imene imakulolani kusinthasintha ma version a Node, kenako `nvm install --lts`. Chifukwa chake mudzachiona mukadzakhala ndi mapulojekiti awiri, ina yakale yofuna Node 18, ina yatsopano yofuna 22 kapena 24. Mu foda ya pulojekiti iliyonse lembani `node -v > .nvmrc`, muiike mu Git, ndipo aliyense wobwera pambuyo panu, kuphatikizapo inuyo pakatha chaka, adzangolemba `nvm use`.

Fayilo ya `package-lock.json` ilowe mu Git, chimodzimodzi `composer.lock` kwa a PHP ndi Laravel. Pa kompyuta yatsopano kapena pa seva gwiritsani ntchito `npm ci`, imene imaika ndendende zimene zalembedwa mu lock, m'malo mwa `npm install` imene nthawi zina imasintha zinthu.

Nkhani ya bandulo ndiyo imapweteka. Anthu olemba maphunziro a pa intaneti ambiri amakhala kumene intaneti siwerengedwa, ndiye amangoti fufutani `node_modules` muikenso, ngati n'zamasewera. Nazi zimene zimandipulumutsa. `npm install --prefer-offline` imayamba yayang'ana zimene munatsitsa kale isanapite pa intaneti. Pulogalamu ya pnpm imasunga pakeji iliyonse kamodzi kokha pa kompyuta yonse, kotero mapulojekiti asanu ogwiritsa ntchito React yofanana satsitsa kasanu. Mukafuna kungoona code ya anthu ena, `git clone --depth 1` imabweretsa zaposachedwa zokha popanda mbiri yonse. Ndipo pa Windows, lowani mu Settings muuze kompyuta kuti hotspot ya foni yanu ndi metered connection, apo ayi idzadya bandulo ya sabata yonse ndi ma update inu mukumwa tiyi.

Tsiku limene mwapeza Wi-Fi yabwino, pitani pa DevDocs mukatsitse malangizo a HTML, CSS, JavaScript, PHP ndi zina zimene mumagwiritsa ntchito. Amawerengeka mu browser popanda intaneti.

Docker, imene imayendetsa pulogalamu iliyonse m'kabokosi kakekake, ndi yabwino, sindikana. Koma ngati laputopu yanu ili ndi RAM ya 4 GB ndipo mumadalira bandulo ya foni, idikireni kaye. Si tchimo kuika MySQL kapena PostgreSQL mwachindunji.

5. Editor

Apa sindichulukitsa. Mu VS Code ikani `files.autoSave` pa `afterDelay`, makamaka ngati batire yanu inafa kale ndipo laputopu imazima pamodzi ndi magetsi. Ikani Prettier kuti code izisanjika yokha. Yatsani Settings Sync kuti makonzedwe anu akutsatireni pa kompyuta ina. Ma extension ena onse aonjezereni pokhapokha mwaona vuto lenileni limene akuthetsa. Iliyonse imadya RAM.

6. Zimene mapulogalamu akunja sadziwa za ife

Gawo ili simudzalipeza m'maphunziro ambiri, ndipo ndi limene limachititsa manyazi pamaso pa kasitomala.

Choyamba ndi chilembo cha ŵ. Ngati munaonapo tsamba litalemba "MalaÅµi" m'malo mwa Malaŵi, ndiye kuti penapake malemba a UTF-8 akuwerengedwa ngati latin1. Ikani `<meta charset="utf-8">` pamwamba pa tsamba lililonse, ndipo ngati tsambalo ndi la Chichewa, lembani `<html lang="ny">`. Database ya MySQL kapena MariaDB ipangeni ndi `CHARACTER SET utf8mb4`. Imene imangotchedwa `utf8` mu MySQL yakale imatha kusunga ŵ koma imakanika ma emoji, ndipo anthu athu salemba uthenga wopanda emoji. Onaninso font imene mwasankha. Ma font ena okongola alibe ŵ, ndipo browser imakabwereka chilembocho kwina, n'kumaoneka ngati chigamba pa malaya atsopano. Pa Google Fonts chilembochi chili m'gulu la latin-ext.

Chachiwiri ndi kachizindikiro ka m'mawu monga ng'ombe, m'mudzi, kapena mayina ngati Ng'ambi ndi Ng'oma. Mukamalumikiza SQL yanu, malamulo opita ku database, ndi zimene munthu walemba pa fomu ngati malemba wamba, munthu woyamba wa dzina lotere kulembetsa adzagwetsa fomu yanu. Ndipo chibowo chimene dzina lake lagweramo ndi chomwecho chimene mbava zimalowera ndi SQL injection. Mankhwala ake ndi ma prepared statement, amene amatumiza zolemba za munthu padera ndi lamulo la SQL: PDO mu PHP, kapena Eloquent, Prisma ndi zina zotere zimene zimachita zimenezi zokha. Musathetse vutoli poletsa kachizindikiroko pa fomu. Kuuza munthu kuti dzina la agogo ake ndi lolakwika ndi mwano. Dziwaninso kuti mafoni ena amalemba kachizindikiro kopindika pomwe kiyibodi ya kompyuta imalemba kowongoka, ndiye wofufuza "ng'ombe" atha osapeza zimene zilipo. Tisandutseni kukhala mtundu umodzi musanasunge ndiponso musanafufuze.

Manambala a foni asungeni ngati malemba, osati ngati nambala, apo ayi 0 woyamba wa 088 kapena 099 adzasowa. Ine ndimawasandutsa onse kuti ayambe ndi +265 ndisanawasunge, chifukwa munthu mmodzi yemweyo amalemba nambala yake m'njira zitatu. Ndalama zisungeni mu `DECIMAL`, osati `FLOAT`. Ngati mukukayika, tsegulani console ya browser mulembe `0.1 + 0.2` muone ikukupatsani 0.30000000000000004. Nthawi isungeni mu UTC, ndipo poonetsa gwiritsani ntchito `Africa/Blantyre`, imene ili patsogolo ndi maola 2 chaka chonse.

7. Yesani tsamba ngati mmene kasitomala wa kasitomala wanu adzalionere

Pa laputopu yanu chilichonse chimathamanga chifukwa seva ndi browser zili m'nyumba imodzi. Dinani F12 mu Chrome, pitani pa Network, chongani Disable cache, musankhe liwiro la 3G, kenako mutsegulenso tsambalo. Khalani pansi muwerenge masekondi. Pansi pa zenera limenelo pamalembedwa kuchuluka kwa data imene yatsitsidwa. Imeneyo ndi ndalama ya m'thumba mwa munthu amene wabwera kudzaona mtengo wa feteleza kapena fomu ya sukulu.

Nthawi zambiri wolakwa ndi zithunzi. Kasitomala amakutumizirani chithunzi cha 5 MB chochokera mu kamera, inu n'kuchiika momwemo. Chichepetseni kufika pa kukula kumene chidzaonekere, muchisandutse WebP ndi Squoosh, ndipo zithunzi za m'munsi mwa tsamba muziike `loading="lazy"` kuti zizitsitsidwa munthu akafikako. Lembaninso `width` ndi `height` kuti malemba asamadumphedumphe zithunzi zikamafika. Vidiyo yodziyambira yokha pamwamba pa tsamba ikaneni, ngakhale abwana aikonde bwanji. Afotokozereni kuti ikudya mayunitsi a anthu amene akufuna kuwagulitsa katundu.

Mukatha apo bwerekani foni ya Android yotsika mtengo, yeniyeni, osati yoyerekezera ya mu DevTools, zenera la F12 lija. Ilumikizeni ndi chingwe, yatsani USB debugging, ndipo pa `chrome://inspect` mudzaona zonse zimene zikuchitika mu foniyo. JavaScript imene laputopu imaimeza osatafuna, kafoni kameneko kamatsamwa nayo.

8. Seva

Dzifunseni kaye ngati mukufunikadi seva. Tsamba la HTML, CSS ndi JavaScript lopanda database likhoza kukhala pa GitHub Pages, Netlify kapena Cloudflare Pages osalipira kalikonse, HTTPS ili kale. Poganizira mmene kulipira madola ndi khadi la banki kumavutira, tsamba lililonse limene silifuna bilu ya mwezi ndi mwezi ndi mutu umodzi wochepa kuwawa.

Ngati VPS, seva yochita lendi pa intaneti, ikufunikadi, onani komwe ili. AWS inatsegula malo ake ku Cape Town mu 2020, Microsoft Azure ili ku Johannesburg kuyambira 2019, ndipo Google Cloud inafika ku Johannesburg mu 2024. Kuyandikira kumathandiza, koma yesani ndi `ping` kuchokera pa netiweki imene anthu anu amagwiritsa ntchito musanasankhe, ndipo yerekezani mitengo ndi ya ku Ulaya.

Mukangolowa koyamba, tsatani ndondomeko iyi osadumpha. Pangani munthu wamba ndi `adduser`, mumupatse mphamvu ndi `usermod -aG sudo`, kenako kuchokera pa kompyuta yanu tumizani kiyi ndi `ssh-copy-id`. Tsegulani terminal yachiwiri muyese kulowa ndi munthu watsopanoyo. Zikatheka, ndiye pitani mu `/etc/ssh/sshd_config` mukaike `PermitRootLogin no` ndi `PasswordAuthentication no`. Terminal yoyamba ija musaitseke mpaka mutatsimikiza kuti mukutha kulowa, chifukwa mukalakwitsa ndi khomo lokhalo limene latsala. Maseva ena a Ubuntu amabwera ndi fayilo ina mu `/etc/ssh/sshd_config.d` imene imatsegulanso mapasiwedi mwakachetechete, choncho onani zenizeni ndi `sudo sshd -T | grep passwordauthentication`. Ndipo poti kiyi yanu ili pa laputopu imene ingabedwe, onjezani kiyi yachiwiri yochokera pa kompyuta ina, kapena dziwiranitu mmene console ya kampani ya sevayo imagwirira ntchito.

Firewall nayo ili ndi msampha wake. Yambani ndi `sudo ufw allow OpenSSH`, mukaika Nginx, pulogalamu yopereka masamba anu kwa owatsegula, muonjezere `sudo ufw allow 'Nginx Full'`, ndipo pomaliza penipeni `sudo ufw enable`. Mukayamba ndi chomalizachi mwadzitsekera kunja kwa nyumba yanu kiyi ili mkati. Mukasintha chilichonse mu Nginx, `sudo nginx -t` kaye musanapange reload.

Chida chimodzi chimene ndimadabwa kuti ambiri sachidziwa ndi tmux. Mukalowa pa seva lembani `tmux` musanayambe ntchito yaitali monga update kapena kusamutsa database. Netiweki ikaduka kapena magetsi akathima, ntchitoyo imapitirira pa seva. Mukabwerera mumangolemba `tmux attach` n'kupeza zonse zili momwe munazisiyira. Popanda tmux, update yodukira pakati itha kukusiyirani seva yolumala.

HTTPS ndi yaulere kudzera ku Let's Encrypt. Lozetsani A record ya domain ku IP ya seva, mudikire kuti ifalikire, kenako `sudo certbot --nginx -d` ndi dzina la domain yanu. Chrome inayamba kulemba "Not secure" pa masamba onse opanda HTTPS mu July 2018, ndipo kasitomala akaona mawu amenewo amakuimbirani ngakhale pakati pa usiku. Satifiketi imatha pakapita masiku 90 ndipo certbot imaikonzanso yokha, koma tsimikizani ndi `sudo certbot renew --dry-run`. Musadalire kuti adzakukumbutsani. Let's Encrypt inasiya kutumiza maimelo ochenjeza mu 2025.

9. Domain ndi ya kasitomala, backup ndi yanu

Domain, kaya ndi ya .mw kaya .com, ilembetseni m'dzina la mwini bizinesi ndi imelo yake, inu mungopatsidwa mwayi wolowa. Ndaonapo mabungwe akutaya dzina lawo la pa intaneti chifukwa mnyamata amene anawapangira webusaiti anapita ku Joni ndi pasiwedi m'mutu. Lembani tsiku lothera domain pa kalendala ya foni yanu ndi ya kasitomala, mwezi wathunthu lisanafike, kuti pakhale nthawi yosakira njira yolipirira.

Git imasunga code yokha. Database ndi mafayilo amene anthu amakweza pa tsamba mulibemo. Lembani kascript kogwiritsa ntchito `mysqldump` kapena `pg_dump`, mukaike mu cron, chida choyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti kaziyenda usiku uliwonse. Mzere woyambira ndi `0 2 * * *` umatanthauza 2 koloko usiku pa wotchi ya seva, ndipo ngati sevayo ili pa UTC, kwathu kuno imakhala ili 4 koloko m'bandakucha. Backup imeneyo isagone pa seva yomweyo. Itumizeni kwina ndi `rsync` kapena rclone, chifukwa seva ikafa kapena akaunti ikatsekedwa kaamba ka bilu, imapita ndi zonse zili mkati mwake.

Kamodzi pa miyezi ingapo tengani backup imodzi muibwezeretse pa kompyuta yanu. Nthawi ina ndinapeza kuti kascript kanga kakhala kakulemba mafayilo opanda kanthu kwa miyezi iwiri, chifukwa ndinasintha pasiwedi ya database n'kuiwala kukauza.

10. README, ndi kuyesa komaliza

Mu pulojekiti iliyonse lembani `README.md` yonena zinthu zinayi: mapulogalamu ofunika ndi ma version ake, malamulo oyatsira pulojekitiyo mwandondomeko, zimene zimalowa mu `.env`, ndi mmene mumatumizira ku seva. Lembani m'chilankhulo chimene chikukuyenderani. Zanga zambiri ndi zosakaniza Chichewa ndi Chingerezi ndipo palibe anadandaulapo.

Ndiye Loweruka lina bwerekani laputopu ya mnzanu, kapena pangani user watsopano pa yanu. Osakhudza foda yanu yakale, osatsegula mbiri ya terminal. Tsatani README yokhayo kuyambira pa `git clone` mpaka tsamba litatseguka mu browser, wotchi ili pambali. Paliponse pamene mwaima n'kuyamba kukumbukira za m'mutu, lembani chinthucho mu README nthawi yomweyo, mupange commit, mupange push. Ulendo woyamba ine zinanditengera masana onse, ndipo ndinapeza zinthu zisanu ndi ziwiri zimene ndinali ndisanalembe paliponse, kuphatikizapo extension ya PHP yokonza zithunzi imene ndinaiika chaka chapitacho n'kuiiwala.